Andichotsa ntchito chifukwa cha mpeni wa m'chikwama: pali chimene ndingachite?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Ulóngue amene wagwira ntchito ya umakaniko ku Moatize kwa zaka 6, pa kampani ina yokonza magalimoto akuluakulu a kumgodi. Dzina lake ndi la kampaniyo ndazisunga, ndipo kalatayo ndaifupikitsa.

"Ndimaweruka 10 koloko usiku. Basi ya kampani imatitsitsa pamsewu waukulu, kenako ndimayenda wapansi mumdima mpaka kunyumba ya lendi. Chaka chatha anyamata atatu anandigwira n'kundilanda foni ndi ndalama. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi mpeni m'chikwama. Mwezi watha alonda a pageti anasecha n'kuupeza. Anandibweza kunyumba, ndipo patatha masiku atatu anandiitana n'kundipatsa kalata yoti ntchito yatha. Sindinaopsezepo munthu. M'galaja mwathu muli mahamala ndi masipanala oti angaphe munthu kuposa kampeni kangako. Kodi zimenezi n'chilungamo? Ndili ndi ana anayi."

Achimwene, pepani kwambiri. Munthu amakuberani panjira, mukayesa kudziteteza ntchito n'kutha, ndipo amene anakuberaniwo akuyendabe. Mtima ukuwawa ndithu, ndipo sindikudabwa. Koma mwandifunsa funso lolunjika, ndiye nanenso ndisazungulire.

Lamulo loletsa zida pantchito mwaliphwanya. Ngati linalembedwa m'malamulo a kampani, aja a regulamento interno amene amapachikidwa pabolodi kapena kuwerengedwa tsiku loyamba ntchito, ndiye kuti pamenepo palibe chokana. Ndiponso lamulolo ine ndimaligwirizana nalo. Kumgodi kumakhala mabomba ophwanyira miyala, mafuta ambirimbiri, ndi anthu otopa amene agwira ntchito maola ataliatali padzuwa la Tete lomwe tonse tikulidziwa. Anthu amakangana chifukwa cha ngongole, chifukwa cha mkazi, chifukwa cha mawu amene kapitawo walankhula mothamanga. Mkangano wa zibakera umatha ndi kutupa mlomo, anthu n'kuseka mawa lake. Pakakhala mpeni pafupi timanyamula maliro kupita nawo ku Angónia. Mlonda wa pageti sangaone mumtima mwanu kuti inu ndinu wofatsa, amangoona chimene chili m'chikwama.

Za mahamala ndi masipanala, mfundo yanu ikumveka, koma musakaidalire. Zipangizo zimenezo ndi za kampani, anakupatsani kuti mugwirire ntchito, amaziwerenga, ndipo zimagona m'galaja momwemo. Mpeni wanu unachokera kunyumba, ndipo mwanena nokha kuti munkaunyamula kuti mudziteteze. Mawu amenewo ndi amene akuusandutsa chida. Ena adzakulangizani kuti mukanene kuti unali wosendera mango kapena wodulira nzimbe. Musatero. Ngati munauza kale alonda za akuba aja, zinalembedwa, ndipo mukasintha nkhani adzasiya kukamba za mpeni n'kuyamba kukamba za bodza lanu.

Tsono mverani mbali imene yandichititsa kuyankha kalata yanu msanga, ena akudikira. Kulakwa kwanu sikupatsa abwana ufulu wokuchotsani mmene afunira. Mwalemba kuti anakubwezani kunyumba, patatha masiku atatu kalata yakuchotsani inafika. Ngati zinayendadi choncho, popanda pepala lina pakati, ndiye kuti iwonso aphwanya lamulo, ndipo lawo ndi la dziko.

Lamulo la ntchito la Mozambique limene likugwira ntchito panopa ndi Lei n.º 13/2023, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 2007 ndipo linayamba kugwira ntchito mu February 2024. Limanena kuti asanamuchotse munthu chifukwa cha kulakwa, payenera kukhala mlandu wa pantchito, processo disciplinar. Mlanduwo umayamba ndi nota de culpa, kalata yofotokoza chimene mwalakwa, tsiku lake, malo ake ndi mmene zinachitikira. Abwana ali ndi masiku 30 kuchokera pamene adziwa za kulakwako kuti akupatseni kalatayo. Mukailandira, inu muli ndi masiku 15 oti muyankhe molemba, kutchula mboni zanu, ndi kupempha kuti akumveni pamaso. Ngati pakampanipo pali komiti ya sindikato, bungwe loimira antchito, mapepala amayenera kupitanso kumeneko kuti nawonso anenepo maganizo awo. Zonsezi zikatha m'pamene chigamulo chimatuluka, cholembedwa, chokhala ndi zifukwa zake. Amaloledwa kukuimitsani kaye kuti mukhale kunyumba mlandu uli mkati, koma malipiro sayenera kuduka pa nthawi imeneyo.

Werengani nokha: masiku 15 oyankhira sangakwane m'masiku atatu.

Ndiye funso loyamba kwa inu ndi lakuti, kodi munalandirapo nota de culpa? Kumbukirani bwino. Tsiku limene anapeza mpeni, mwina anakupatsani mapepala m'kaofesi ka alonda, inu muli ndi mantha, thukuta lili kamukamu, n'kukuuzani kuti "sainani apa, n'zongotsimikiza kuti mwaona". Anthu athu ambiri amagwa pamenepa. Chipwitikizi cha m'mapepala a maofesi si chimene timalankhula pamsika wa Moatize, ndipo munthu amachita manyazi kunena kuti sanamve. Ena amasainira kalata yonena kuti asiya okha ntchito, kapena kuti agwirizana ndi kampani kuti asiyane, osadziwa. Tulutsani pepala lililonse limene munapatsidwa, mukaliwerengetse kwa munthu wodziwa malamulo. Ngati sanakupatseni kope, lembani kalata yopempha makope a zonse zimene munasaina, mupange ziwiri, imodzi akudindireni n'kukubwezerani. Kuyambira lero musasainenso kanthu musanapite nako kunyumba.

Chachiwiri ndi kukula kwa chilango. Lamulo la ntchito lomweli lili ndi zilango zosiyanasiyana: kudzudzula pakamwa, chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa masiku angapo popanda malipiro, kudulidwa ndalama, kutsitsidwa udindo, ndipo kuchotsedwa ntchito kuli kumapeto kwenikweni. Limafuna kuti chilango chilingane ndi kukula kwa mlandu, poyang'ana mmene zinthu zinalili, mmene munthuyo wakhala akugwirira ntchito, ndiponso ngati zimene wachita zafikadi poti sangakhalenso pamalopo. Apa m'pamene nkhani yanu ili ndi mphamvu. Zaka 6 popanda chenjezo, ngati zilidi choncho, si zochepa. Mpeni unali m'chikwama chotseka, sunatulutsidwe, palibe amene anaopsezedwa. Ndipo chifukwa chounyamulira chikudziwika. Ngati munakanena kupolisi atakuberani, pezani pepala lake. Ngati munauzapo kapitawo kapena a ofesi ya antchito kuti pamene basi imakutsitsani n'poopsa, tchulani tsiku ndi munthu amene munamuuza. Anzanu otsikira pamalo omwewo angakhale mboni.

Sindikukulonjezani kuti mfundo imeneyi yokha idzakubwezerani ntchito. Woweruza akhoza kunena kuti kumgodi chitetezo n'chachikulu, lamulo munkalidziwa, ndiye kuchotsedwa n'koyenera. Kampani ikadatsata ndondomeko yonse bwinobwino, ndikanakuuzani kuti mwayi wanu ndi wochepa. Koma kudumpha ndondomeko ndi nkhani ina. Munthu akachotsedwa popanda mlandu wa pantchito, lamulo limati kuchotsedwako n'kosaloleka, ndipo bwalo likatsimikiza zimenezo, wantchito amabwezeretsedwa pantchito kapena kupatsidwa chipukutamisozi.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma uwu wa ntchito umawola. Muli ndi miyezi 6 kuchokera tsiku limene anakuchotsani kuti mukatsutse chigamulocho, ndipo mwezi umodzi wapita kale. Ndikudziwa mmene zimakhalira: lendi ikavuta munthu amalongedza katundu, amakwera chapa kubwerera kumudzi kukalima mbatata ndi chimanga, amati ndidzapitako ndikakolola. Akamadzabwera nthawi yatha. Yambani nkhaniyi musanachoke ku Moatize.

Kolowera kulipo. Ngati munkadulidwa ndalama ya sindikato, yambirani kwa a komiti a pakampanipo. Sindikato ya ogwira ntchito za m'migodi ndi zomangamanga ndi SINTICIM. Mumzinda wa Tete muli CEMAL, malo oyanjanitsira antchito ndi mabwana awo, amene ali pansi pa COMAL, bungwe loyang'anira ntchito yoyanjanitsayi m'dziko lonse. Kumeneko amaitanitsa mbali zonse ziwiri kukhala pansi, ndipo kampani imene ikudziwa kuti mapepala ake ali ndi mabowo nthawi zambiri imalolera kukambirana kusiyana n'kupita kukhoti. Mukalephera kumvana, nkhani imapita kubwalo. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza anthu ovutika pa milandu. A Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito, nawonso amalandira madandaulo. Popita tengani kontirakiti, mapepala a malipiro, kalata yakuchotsani, ndi chitupa chanu. Nkhani yanu muilembe papepala mwa ndondomeko ya masiku, chifukwa pamaso pa anthu a mataye munthu amaiwala.

Mukakhala pa tebulo loyanjanitsira, dziwiranitu chimene mukufuna. Kubwerera pamalo pamene abwana akukuonani ngati munthu wa mpeni si nthawi zonse kumakoma. Ena amasankha ndalama ndi kalata yabwino n'kukayamba kwina. Zimenezo mukambirane ndi mayi a kunyumba musanapite.

Pali zina zimene ndi zanu ngakhale mlandu utakugwerani. Malipiro a masiku amene munagwira ntchito ndi a tchuthi chimene simunapite ayenera kukupatsani. Ndalama za INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni, sizitayika: mwezi uliwonse ankadula 3 peresenti pa malipiro anu, kampani n'kuwonjezera 4 peresenti, ndipo zaka zimenezo zimakhalabe m'dzina lanu mukadzalowa ntchito ina. Kafunseni ku ofesi yawo ngati ndalamazo zinkafikadi. Muyeneranso kulandira certificado de trabalho, kalata yosonyeza nthawi imene mwagwira ndi udindo wanu. Mmenemo saloledwa kuwonjezeramo nkhani zina inu musanapemphe, ndiye za mpeni zisalembedwemo. Kwa makaniko wa magalimoto akuluakulu kalata imeneyi ndi yofunika zedi, chifukwa msewu wochokera ku Beira kupita ku Zóbuè ndi ku Cassacatiza sugona, ndipo mathiraki amawonongeka tsiku lililonse. Akadzakufunsani kwina chifukwa chimene munachokera, nenani zoona mwachidule. Magalaja a ku Tete ndi ku Moatize amadziwana, nkhani idzafika inu musanafike.

Ndikhalepo pang'ono pa nkhani ya mantha anu, chifukwa ndi imene inayambitsa zonsezi ndipo palibe amene waiyankha. Kampani imene imaweruza anthu 10 koloko usiku n'kuwatsitsa pamsewu, podziwa kuti kutsogoloko kulibe magetsi, ili ndi mbali yake. Kuletsa mpeni pageti n'kosavuta. Kufunsa chifukwa chimene bambo wa ana anayi wayambira kuyenda ndi mpeni, ndiye kumene kumafuna bwana woganiza. Basi ikhoza kulowa mkati pang'ono, kapena kusintha potsitsira. Zimenezi n'zoyenera kuti antchito azipemphe pamodzi, molemba, kudzera mu sindikato, chifukwa ndikukhulupirira kuti si inu nokha amene munali ndi kanthu m'chikwama. Inu munangokhala amene munagwidwa.

Komabe mpeniwo sindikukhulupirira kuti ukanakupulumutsani. Munthu mmodzi wotopa, anyamata atatu amene akonzekera: mukautulutsa, kuba foni kumasanduka kumenyera moyo, ndipo kawirikawiri mpeni umathera m'manja mwa iwowo. Mukapambana inuyo n'kubaya munthu, mumagona m'chitokosi mpaka bwalo litakhutira kuti munkadziteteza. Apolisi akakupezani nawo usiku panjira, mafunso akenso ndi ena. Dziko lino linaona zimene zida zimachita zikachuluka m'manja mwa anthu wamba. Nkhondo itatha mu 1992, a mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, chifukwa ankadziwa kuti chida chosungidwa "podzitetezera" tsiku lina chimagwira ntchito ina. Ambiri a ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga tinakulira m'misasa ya ku Malawi chifukwa cha zida zomwezo.

Kwa owerenga ena amene muli pantchito: ngakhale mutakhala ndi chilolezo cha mfuti chochokera kupolisi, chilolezocho sichikulowetsani nayo pageti la kampani imene inaletsa. Chikwanje chimene mwachokera nacho kudimba, legeni, ngakhale kampeni ka pa makiyi, funsani kaye. Mukakumbukira muli kale pamzere wa pageti, uzani mlonda nokha asanatsegule chikwama, mumupemphe akusungireni. Wodziulula yekha ndi wogwidwa sawaweruza mofanana.

Achimwene, sabata ino chitani ziwiri: sonkhanitsani mapepala onse, ndipo mukafike ku CEMAL kapena ku IPAJ Lachisanu lisanakwane. Mukapeza kuti pa mapepala amene munasaina pali lolembedwa kuti mwasiya nokha ntchito, muwauze zimenezo poyambirira penipeni, pamodzi ndi mmene anakusainitsirani ndi amene analipo, chifukwa njira yoyendetsera mlanduwo imasintha. Mundilemberenso mukabwerako.