Achemwali a ku Randburg, kawaonetseni anawo nyanja

Kalata yomwe yandisowetsa mtendere sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kwawo ku Ntcheu. Disembala uno akupita kumudzi ndi ana ake awiri obadwira kuno, ndipo akufuna akawaonetse nyanja ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Akufunsa kuti kumeneko kuli chiyani choti n'kuona, komanso akuopa kuti achibale akamva adzati ndalama za ku Joni zamuzunguza mutu. Koma chomwe chandibaya ndi mawu ake omaliza: "Abwana anga anapitako kale, ndiye amandifotokozera ine mwini dziko, ine n'kumangogwedeza mutu."

Achemwali, kugwedeza mutu kumeneko ndimakudziwa bwino. Ndakhala ndikuperekera zakudya m'malesitilanti a ku Melville ndi ku Rosebank, ndipo kasitomala akangomva kuti ndiwe Mmalawi nkhope yake imawala. Amayamba kutchula Cape Maclear, chilumba cha Domwe, cha Mumbo, kenako n'kutulutsa foni kuti uone zithunzi. Iwe wanyamula mbale zotentha, ukumwetulira, chonsecho nyanjayo umaidziwira pa mulu wa usipa wa pamsika basi. Amene amatipulumutsa ndi anzathu a ku Mangochi odzaza ku Mayfair ndi ku Fordsburg aja, iwo nyanja anabadwa nayo. Komatu nawonso mukawafunsa ngati anakwerapo boti kukaona nsomba pa Thumbi, amakuyang'anani modabwa: nsomba n'zoona kapena n'zodya?

Kwathu ndi kumapiri a ku Dedza, kufupi ndi msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti uja anthu amati Khwekhwerere. Kukacha bwino, ukaima pamtunda, nyanja imaoneka ikunyezimira chakum'mawa. Mayi anga anakulira pamenepo, kukwatiwa, kubereka tonsefe, mpaka imvi mbuu, akungoionera patali. Ndikawafunsa ankati, "Kunyanja ndikatengeko chiyani? Kwagwa maliro a ndani?" Ndi mmene ambirife tinaleredwera. Ulendo umafuna chifukwa chomveka, kaya matenda, kaya zovuta, kaya geni. Zongopita kukaona malo n'kubwerako chimanjamanja, zimenezo n'zachizungu.

Ndipo tinene zoona za Disembala wathu ife a ku Joni. Timadzaza ngolo ya basi ndi mabulangete, mafuta ophikira, firiji, mpaka njinga. Timachezera pamzere pa Beitbridge, kupsa ndi dzuwa la ku Tete, kukafika pa Mwanza kapena pa Dedza mapazi atatupa. Kumudzi m'mawa uliwonse pakhonde pamakhala anthu: uyu fizi, uyu feteleza, uyu malata, winayo wangobwera kudzapereka moni koma sakudzuka. Sindikunyoza ayi, ndi abale athu, ndipo mavuto awo si ongopeka. Koma tchuthi chimatha usanapume n'komwe, n'kubwerera kuno utawonda kuposa mmene unapitira, ya thiransipoti utachita kukongola. Dziko lako waliona pawindo la basi.

Chaka china sindinafunse maganizo a munthu. Ndinangopangana ndi mnyamata wa galimoto wa pamudzi, n'kuwauza mayi kuti avale chitenje chabwino. Tinafika m'mudzi wa Chembe, womwe ndi Cape Maclear yeniyeniyo, dzuwa litapendeka. Mathandala a usipa anali ndandanda, amayi akutsuka mbale m'mphepete mwa madzi, ana akudumphira m'nyanja kuchokera pamabwato. Mayi anavula nsapato, anakwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kulowa pang'onopang'ono. Anatunga madzi ndi manja n'kulawa. Kenako analoza chilumba cha Thumbi chomwe chili patsogolo penipeni pa mudziwo n'kundifunsa ngati kumeneko ndiye ku Mozambique.

M'mawa mwake tinakwera boti la injini kupita pachilumbapo. Mnyamata woyendetsa anatenga kansomba, anakabaya ndi kabango kuti kasamire, anaimba mluzu, n'kukaponya patali. Nkhwazi yomwe inali pamtengo pamwamba pa thanthwe inatsika mapiko ali tambasu, n'kukawakha ndi zikhadabo osanyowa n'komwe nthenga. Ndi mbalame yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, koma kuiona ikulira itapendeketsa mutu chagada n'kwina. Titafika pamiyala anatipatsa buledi woti tifumbate m'madzi. Mbuna zinabwera gulu, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, n'kumatijompha zala. Mayi anaseka mpaka misozi, amvekere, "Izi zavala ngati anamkungwi a pa ukwati, munthu ungadye zoterezi?"

Koma pali china chomwe chinandiwawa, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira mtima umawira. Madzulo ndinafuna kuti mayi akadye chambo pamalo ena ogona alendo omwe ali m'mbali mwa nyanja. Mlonda wa pageti, Mmalawi mnzathu, anatiimitsa n'kufunsa kuti tikugulitsa chiyani. Azungu awiri osavala nsapato anatidutsa pomwepo, iye n'kuwachitira sawatcha. Mayi anandikoka malaya kuti tizipita. Ndinakana. Tinalowa, tinakhala patebulo loyang'ana kumadzi, ndipo ndinalipira ndi ndalama yomweyo yomwe enawo amalipira. Mlondayo sindimuda kwenikweni. Anaphunzitsidwa ndi zomwe amaona tsiku ndi tsiku, kuti wakuda wovala chitenje akafika pageti ndiye kuti wabwera ndi nthochi. Ndipo apitiriza kuganiza choncho ngati ife tizingobisala kumudzi n'kumati kunyanja n'kwa eni ake. Eni ake ndani? Choncho achemwali, ndikunena mosapsatira: pitani, ndipo musapepese kwa wina aliyense. Musapitenso m'mawa n'kubwerako madzulo ngati mukukagula nsomba za geni. Kagoneni komweko masiku awiri. Achibale apatseni zomwe munawakonzera, ya kunyanja muyiike padera musanakwere basi ku Joni, chifukwa ikangolowa m'chikwama chimodzi ndi ya feteleza, yapita imeneyo. Olankhula alankhula ndithu. Akanalankhulabe ngakhale mukanagula sofa.

Chomwe chimandiseketsa n'choti Cape Maclear ndi South Africa n'zapachibale kuyambira kale, ana anuwo sakakhala alendo kwenikweni. Dzinalo analipereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi yemwe ankagwira ntchito ku Cape Town. Mulu wa miyala womwe uli pamalo okwera kwambiri pa Table Mountain, Maclear's Beacon, ndi wa munthu yemweyo. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika pamenepa pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala n'kuyambitsa mishoni ya Livingstonia. Chaka chotsatira kunabwera alaliki achikuda a Chixhosa ochokera kusukulu ya Lovedale ku Eastern Cape, mmodzi mwa iwo William Koyi, yemwe pambuyo pake anakagwira ntchito pakati pa Angoni a kumpoto. Taganizani, masiku amenewo anthu a kuno ndi amene ankapita kwathu kukagwira ntchito! Malungo anawasautsa amishoniwo mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe, komwe kuli Livingstonia ya lero. Manda a omwe anafera pa Cape Maclear alipobe, pansi pa mitengo chakumapeto kwa mudzi mukamalowera ku Otter Point. Ndiye cha mu 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zochokera ku England kubwera kuno ku Johannesburg, zinkaima pa Cape Maclear zisanadzatere pa Vaal Dam. Apaulendo a nthawi imeneyo ankaiona nyanja yathu kuchokera m'mwamba pomwe agogo athu ankabwera ku Joni kudzalowa pansi m'migodi kudzera ku Wenela. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingapse mtima.

Nanga kuli chiyani choona?

Choyamba, anawo muwauziretu kuti uku si ku Kruger, paki ya kuno ya nyama zikuluzikulu ija. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Pakiyi yatenga mapiri a Nankumba, zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, komanso madzi ofika mamita 100 kuchokera kugombe la malo otetezedwawo, momwe usodzi ndi woletsedwa. N'chifukwa chake mbuna za pamenepo sizithawa munthu. Abwerekereni ana magalasi oonera pansi pa madzi. Akachita mwayi adzaona nsomba yaikazi ikulavula tiana take, kenako china chikaopsa n'kutimezanso m'kamwa, chifukwa mbuna, ngakhalenso chambo, zimalerera mazira ndi ana m'kamwa. Kumtunda kuli anyani (musanyamule chakudya poonekera, ndi akuba opanda manyazi), mbira za m'miyala, ng'azi ndi milambe ikuluikulu. Pamsewu wolowera ku Chembe imani muone Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere yozama ngati wina anachitema dala.

Monkey Bay penipeni ndi tauni ya doko, yaing'ono, yotentha. Chachikulu pamenepo ndi sitima ya Ilala ya masiku ano, yomwe inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 mpaka kukafika ku Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba. Mukaipeza ili padoko, aonetseni ana. Ngati mungadzere ku Mangochi boma, pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera n'kuononga sitima ya Ajeremani pagombe la nyanja yomweyi nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba. Anawo akaumirira njovu ndi mvuu, ndiye ku Liwonde National Park, komwe kuyambira 2015 akuyendetsa ndi a African Parks (likulu lawo lili konkuno ku Johannesburg, onani zinthu zake), ndipo mikango inabwezeretsedwako mu 2018. Koma limenelo ndi tsiku lakelake ndi ndalama zakezake, musaphatikize.

Kuchokera ku Ntcheu dzerani ku Golomoti n'kulowa msewu wa ku Monkey Bay. Musanafike m'tauni pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 kukafika ku Chembe, pa galimoto kapena kabaza wa njinga yamoto. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, koma a pa Khirisimasi ndi Nyuwere amadzaza msanga ndipo phokoso limachuluka, ndiye ndi ana pitani masiku a pakati pa sabata chikondwerero chisanafike. Tengani chiphaso cha unzika, pageti la paki Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo. Mtengo wa boti mugwirizane musanakwere, ndipo ngati mulibe majekete oyandamitsa, anawo asakwere, ngakhale woyendetsa alumbire motani.

Za thanzi musazitenge mwachibwana. Disembala ndi nthawi ya mvula, udzudzu ndi wambiri, ndipo ana obadwira ku Johannesburg matupi awo malungo sawadziwa. Pitani nawo kukiliniki musananyamuke akawapatse mankhwala oteteza, ndipo azigona m'masikito usiku uliwonse, kumudzi komwe. Likodzo nalo liliko, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi ndi m'mabango momwe mumakhala nkhono. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mutabwerako, kayezetseni nonse, mankhwala ake alipo. Ndipo mwana akatentha thupi mutafika kale kuno, musati ndi chimfine. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo n'kuwauza anamwino momveka kuti mwangochokera ku Malawi, chifukwa mukapanda kunena, malungo sangawaganizire msanga.