Senti yosowa m'pulogalamu ya pashopu

Achemwali ena a ku Mufakose, kuno ku Harare, anditumizira imelo sabata yatha. Akulemba pulogalamu m'chiyankhulo cha pakompyuta cha Python yowerengera malonda pashopu ya amalume awo, ndipo akuti pofika madzulo ndalama zimene pulogalamuyo ikuonetsa zimasiyana ndi za m'buku ndi senti imodzi kapena awiri. Atayesa kulemba 0.1 + 0.2, kompyuta inawayankha kuti 0.30000000000000004, choncho akufunsa ngati Python yawo yawonongeka.

Achemwali, Python yanu ilibe vuto, ndipo mwachita bwino kwambiri kuchepetsa nkhani yonse mpaka kufika pa mzere umodzi umenewu, chifukwa anzathu ambiri amatumiza pulogalamu yathunthu n'kungoti sikuyenda.

Kompyuta imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Monga mmene ife timalepherera kulemba gawo limodzi mwa magawo atatu mpaka pamapeto, popeza 0.3333 satha, nayenso 0.1 satha akalembedwa mwa binary, kalembedwe ka 0 ndi 1 kaja. Muyezo wa IEEE 754, umene unakhazikitsidwa mu 1985 ndipo float wa Python (mtundu wa nambala zokhala ndi kadontho) amautsatira, umasunga nambala molondola mpaka mabiti 53 okha (biti ndi 0 kapena 1 mmodzi), ndiye chimene chimasungidwa ndi nambala yoyandikira kwambiri 0.1, osati 0.1 yeniyeniyo. Mukayesa pa JavaScript, chiyankhulo china cha pakompyuta, mudzapeza yankho lomwelo. Kusiyanako n'kochepa zedi, koma kumaonekera pozungulitsa nambala: round(2.675, 2), imene imasiya manambala awiri okha pambuyo pa kadontho, imapereka 2.67 m'malo mwa 2.68, chifukwa chimene chasungidwa n'chocheperako pang'ono kuposa 2.675. Ndikukhulupirira kuti senti yanu ikutayikira pamenepa.

Langizo langa ndi lakuti ndalama musazisunge mu float ngakhale pang'ono. Njira yosavuta ndiyo kusunga mitengo yonse m'masenti ngati manambala athunthu, kuti buledi wa dola imodzi akhale 100, n'kuika kadontho pokhapokha posindikiza lisiti. Njira ina ndi module ya decimal, gawo la Python lowerengera manambala a kadontho monga mmene timawalembera ife, koma pano samalani: lembani Decimal("0.10") ndi zizindikiro zogwira mawu, chifukwa Decimal(0.1) imatengera cholakwika chija kuchokera ku float. Pozungulitsa gwiritsani ntchito quantize ya mu decimal ndi ROUND_HALF_UP, imene imakweza nambala ikafika pa theka ndipo imagwirizana ndi mmene amalume anu amawerengera pamanja.

Kuno ku Harare nkhaniyi imakula chifukwa kuyambira mu April 2024 mashopu amalandira madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe, limodzi. Mukamasintha mtengo wa katundu aliyense payekhapayekha n'kuzungulitsa, zotsalira zija zimaunjikana, ndipo ngakhale decimal siingakupulumutseni. Phatikizani kaye zonse mu ndalama imodzi, musinthe kamodzi kokha pamapeto, ndipo reti yosinthira ndalama ya tsikulo muisunge pamodzi ndi lisiti kuti mudzathe kubwereza chiwerengerocho pakabuka mkangano.

Mukakonza zimenezi n'kupeza kuti senti ikusowabe, munditumizire function imene imasintha madola kukhala ZiG pamodzi ndi mitengo ya pa lisiti limodzi limene linasiyana ndi buku, kuti tiziyendere limodzi mzere ndi mzere.