Ine za maakaunti asanu zinandiliza pa Park Station

Asisi mwandiponda pachilonda. Ndangowerenga zoti mukufuna kutsegula akaunti yachitatu pa shopu ya pa intaneti kuti mudyenso khodi ija yotsitsira mtengo pa oda yoyamba, mtima wanga wangoti myuu. Ndaona ena pamwambapa akuti palibe vuto, shopu ndi yolemera singamve n'komwe, chabwino, nanenso ndinkanena zomwezo ndipo ndinkanena mokweza.

Munali mu November 2023. Mukukumbuka kwacha itagwetsedwa ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, kumudzi aliyense amene anali ndi kandalama m'manja amafuna akasandutse katundu msanga kasanasungunuke. Ine ndili kuno ku Joni, ndimagwira ya m'nyumba, pambali ndimagulira anthu zinthu n'kutumiza pa basi ku Blantyre. Nde azimayi asanu ndi awiri a ku Ndirande ndi Chilomoni anandituma za Black Friday, tsiku lija mashopu amatsitsa mitengo, maketulo, maayironi, mapoto, mabulangete ndi nsapato za ana za sukulu, zonse pamodzi R9,400. Mmodzi mwa iwo ndi azakhali anga enieni, alongo awo a malemu bambo anga. Machitidwe athu mukuwadziwa, iwo amaika makwacha pa Airtel Money ya amayi anga, ine kuno ndimatulutsa marandi anga. Amayi atangolandira anathamangira kukagula feteleza poti mvula inali itayamba kale kugunda. Ndalama ya eni inapita kumunda, yanga ndi imene inatsala kuti igule katundu.

Apa mpamene panalowa mayi wina wakwathu komwe, timapemphera limodzi, timakhala benchi imodzi. Akuti mwana wanga ukugona, anzako sagula ndi akaunti imodzi, shopu iyi imachotsa R200 pa oda yoyamba, gawa katunduyo kasanu upulumutsa R1,000 yonse, koma ulembetse kudzera pa link yanga iyi. Anandiperekeza yekha ku spaza kukagula masimu khadi olembetsa kale aja. Usiku wa Lachinayi ndinakhala pa bedi ndi kapepala ndikulemba maimelo atsopano ndi mapasiwedi ake. Akaunti ina dzina langa, ina la amuna anga, ina la achimwene anga amene ali ku Thyolo ndipo Joni sanaipondepo chibadwire, ina ya dzina longopeka, yachisanu ndinalemba dzina la mwana wanga wa zaka 9 n'kumupatsa chaka chobadwira chabodza. Iye ali gone pambali panga pompo. Itakwana 12 koloko ya pa 24 ndinayamba kugula, maoda onse asanu anadutsa, mameseji a kubanki akungolira motsatizana, ine kusangalala mpaka kumudzutsa bambo wa kunyumba kumuonetsa. Khadi imodzi, foni imodzi, adiresi imodzi. Palibe anandiuza kuti iwo aja amaona zonsezo.

Ndinalankhula ndi kondakitala wa basi ya Loweruka pa 2 December kuti andisungire malo, ndinamupatsanso kadipoziti. Sabata yonse ndikungosuzumira pageti. Maimelo aja sindinkatsegula, kapepala ka mapasiwedi ndinali nditakachapira limodzi ndi yunifomu. Lachisanu masana ndaimba foni, kamnyamata kayankha mwaulemu wake, kakuti maoda anu onse anaimitsidwa Lolemba, maakaunti tatseka, kuphatikizapo yanga yeniyeni ija ndagulira zaka zitatu, ndipo kanatchula mawu akuti fraud, kutanthauza chinyengo. Ndinali mu khitchini ya abwana nsanza ili m'manja. Ndafunsa nanga ndalama zanga, akuti zikufufuzidwa kaye, mudikire. Mudikire mpaka liti, akuti sangalonjeze tsiku.

Loweruka ndinapitabe ku Park Station, kokwerera mabasi, chifukwa panali kachikwama kamodzi ka mankhwala ndi sopo wa amayi. Abale inu tsiku limenelo. Anthu akumanga katundu wa Khrisimasi, matumba a mizeremizere aja atatupa mpaka zipi kukana, selotepi ikungolira kwee kwee mbali zonse, mafiriji m'makatoni akukwezedwa mu ngolo, ine ndaima ndi kachikwama kolowa kukhwapa. Kondakitala akundifunsa pagulu kuti mayi katundu wanu uja ali kuti, malo ndakanizira anthu, dipoziti sibwerera. Ndikuti ndimuyankhe foni yalira, ndi gulu la banja pa WhatsApp, azakhali aponya voice ya mphindi zinayi. Ndinakhala pa chidebe cha munthu wina chovundikira n'kuika foni kukhutu. Akuti mwana wa achimwene anga wandibera, ndalama ndinakatenga ku banki mkhonde, mwezi uno tikugawana anzanga andilanda malata, akadakhala moyo bambo ake sakadandichita chonchi. Kutchula bambo anga. Pa gulu pali apongozi anga, pali ana a achemwali anga, onse amva, timizere tasanduka tabuluu koma palibe akuyankha. Ndinalira pamenepo ngati pamaliro, mayi wina wa ku Mzimba amene sindimudziwa n'komwe anandipatsa madzi a m'botolo lake n'kundigwira paphewa mpaka basi inanyamuka. Ndipo chondipweteka n'choti sindikanatha kufotokoza. Ndinene kuti chani, kuti ndinanama maina kuti ndipeze R1,000 imene sindinawauze eni katundu kuti ilipo? Chifukwa tinene zoona, R1,000 imeneyo sindinkafuna kuwachotsera pa mtengo ayi, inali yolowa m'thumba mwanga.

Mayi wa link uja nditamupeza Lamulungu lake ndinamva zina. Kani akaunti iliyonse imene ndinatsegula kudzera pa link yake iye amalandirapo kenakake kogulira, ndipo anali atawachita chimodzimodzi atsikana ena atatu a mu kwaya. Ndamufunsa bwanji simunandiuze kuti angathe kutseka, akuti iwe ndiwe mwana, sudziwa kuti khadi amasintha? Osapepesa olo pang'ono. Munthu wamkulu, wovala zoyera Lachinayi, kumuona mnzake akulowa m'dzenje iye n'kumawerenga zake. Mpaka lero ndikamuona akutsogolera pemphero ndimatuluka kukaima panja, Mulungu andikhululukire koma sizinandichokebe.

Shopu nayonso sindiisiya. Ngati makina awo ndi ochenjera choncho bwanji sanakane pomwe ndimalipira? Kutenga anatenga m'kuphethira kwa diso, kubweza anabweza modukizaduliza, ina patatha masabata atatu, yomaliza mu January. Ndalama ya munthu wochapa zovala za eni kukhala nayo mwezi wathunthu ndi masiku, amene ndikuimbira akungosinthana, aliyense ndiyambirenso nkhani pachiyambi, eyataimu ikutha. Ndipo ketulo imene ankati yatsika kuchoka pa R499 kufika pa R289 ine ndinaiona ndi maso anga mu October ili pa R299. Nde akamatiphunzitsa chilungamo nawonso adziyang'ane. Abwana anga anandiuza za Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yolandira madandaulo a ogula, kuti kudandaula kumeneko n'kwaulere, koma ndikanakayamba bwanji pomwe akaunti ina ili m'dzina la mwana wa Grade 3? Komanso mukudziwa ife ndi nkhani za mapepala, sitikonda kumaonekeraonekera m'maofesi. Ndinangokhala chete.

Mapeto ake ndinakatenga katapila kwa munthu wina ku Turffontein, n'kukagula katundu yense uja pa mtengo wonse, wina ku msika wa Dragon City wosafanana n'komwe ndi amene anthu anasankha pa zithunzi. Anafika ku Wenela kutatsala masiku anayi Khrisimasi. R1,000 ndinkaithamangira ija inandidyera pafupifupi R3,000, ndipo makasitomala anayi mwa asanu ndi awiri aja sananditumenso.

Nde mukafunsa ngati ndi kuba kapena ayi, ine ndimaziona chonchi. Kuponi imene shopu yatulutsa yokha ndi yanu, idyeni osachita manyazi, anaiwerengera kale mu mtengo. Ngati ikulola kuphatikiza khodi ndi mtengo wotsitsa ndi mapoyinti, phatikizani zonse. Za diskaunti ndi mapoyinti zija, Xtra Savings, Smart Shopper, eBucks kwa amene muli nayo, gwiritsani ntchito mpaka kotsiriza, kusiya katundu mu basiketi masiku awiri kuti mwina akutumizireni khodi, chitani, kufunsa pa gulu lino amene ali ndi khodi yomwe sakuifuna, funsani. Pamenepo simunanamize munthu. Koma khodi ya oda yoyamba anaiika kuti akope munthu watsopano, ndipo inu mukalemba dzina la agogo anu kuti muoneke watsopano mwanena bodza, kaya wonamizidwayo ndi wolemera kaya ndi wosauka. Ine chimene chimandiluma usiku si shopu ayi, ndi dzina la mwana wanga limene ndinaliika pa chinthu chimene anthu anachitcha chinyengo iye asakudziwa kanthu.

Ndipo chonde izi musamawachite anzathu ogulitsa pa Facebook ndi pa status, mtsikana wophika makeke akati woyamba kugula ndimuchotsera R50 inu n'kubwera ndi nambala zitatu. Ameneyo R50 ndi ya magetsi a uvuni, alibe makina okugwirani, amangodabwa mwezi ukatha kuti phindu lapita kuti.

Koma asisi ngati amuna anu ali ndi khadi yawoyawo ndi foni yawo, atsegule akaunti yawo, aike adiresi ya kuntchito kwawo, ameneyo ndi munthu payekha, olo katunduyo atakhala wanu. Ine chaka chatha ndinachita choncho pa shopu ina ndipo zinadutsa bwinobwino. Ena malamulo awo amati khodi imodzi pa khomo limodzi nde muyambe mwawerenga timalemba tating'ono tija, makamaka pomwe akunena za kuimitsa oda ndi masiku obwezera ndalama, mujambulenso screenshot ya mtengo ndi oda nambala. Musadutse pawiri, yachitatuyo isiyeni. Ndipo ngati ndalama ili ya eni, ya oda ya anthu kumudzi, musayesere n'komwe, gulani ndi akaunti imodzi yodziwika ndipo diskaunti ikapezeka auzeni eni ake kuti yapezeka. Amene akukupatsani link mufunseni maso ndi maso kuti iye akupezapo zingati.

Amene mukubwera ku inbox kufunsa dzina la shopu ndi la mayi uja musavutike, sinditchula. Azakhali ketulo ndi mabulangete awo analandira, malata sanalandidwe, amayi anagulitsa mbuzi n'kuwatsekera ku banki mkhonde. Koma voice ija sanaifufute pa gulu, ndipo nditapita kumudzi pa Isitala anandipatsa moni wa m'manja osandifunsa za ana.