Kampani ya mafilimu pa Luchenza, n'zotheka?

Achimwene, mwafunsa ngati achinyamata a pa Luchenza angayambitse kampani yawoyawo ya mafilimu popanda boma kapena wailesi ya kanema kuwagwira mkono. Zimatheka, ena anachita kale, koma si zathamangathamanga.

Paja wailesi ya kanema ya boma ya TVM inangoyamba mu 1999, ambirife tinakulira zisudzo za pa wailesi ndi mafilimu a ku Nigeria m'mavidiyo shoo. A Shemu Joyah, omwe ntchito yawo inali yoyeza malo, anatulutsa filimu ya Seasons of a Life mu 2008 kudzera m'kampani yawo ya FirstDawn Arts. Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, kenako The Road to Sunrise mu 2017. Yomalizayi inapata mphoto ya mafilimu a mu Africa ya AMVCA ku Nigeria mu 2018, ndipo ndi filimu yoyamba yomwe Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscars. Taonani mpata wa zakazo. Filimu imodzi ikumadya zaka zinayi kapena zisanu, chonsecho ndi munthu wodziwa chochita.

Inu mwadandaula za kamera, koma ineyo nkhawa yanga ndi mawu. Kajambuleni pamsika wa Luchenza tsiku lamsika mumve: uku akabaza akuliza njinga, uku chigayo, uku wogulitsa kaunjika akukuwa. Pofika pa kompyuta mupeza wosewera akungogwedeza milomo. Chithunzi chosawala anthu amapirira, koma akapanda kumva zoyankhula amadzuka. Yambani mwagula maikolofoni yabwino. Komanso kuno chiperoni chikagwa, phiri la Mulanje lomwe munalijambula dzulo lero silikuoneka, ndiye zithunzi sizilumikizana. M'minda ya tiyi namo simungangolowa, kapempheni chilolezo ku ofesi ya esiteti, apo ayi alonda akubwezani.

Ndalama ndiye pali nkhani. Filimu ikangotuluka, mawa lake ili kale kwa obana nyimbo, akuikira anthu m'mamemore khadi, inu osaonapo ndi tambala yomwe. Kalembetseni ntchito yanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, dzina la kampani ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndipo osewera asainire zomwe mwagwirizana ngakhale ali asuweni anu. Podikira filimu yaikuluyo, kampani izidya za maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a makwaya. Mmenemo ndi momwe wojambula wanu aphunzirire kugwira kamera osanjenjemera, ndipo lenti ya ofesi izichokera momwemo.