Kwa achemwali amene afunsa za kudzitsatsa pa intaneti pa nthawi ya ulova

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakhala miyezi 8 osagwira ntchito chithereni kontirakiti yake. Akufuna kudziwa ngati nthawi imene ali nayo tsopano aithere pokonza dzina lake pa intaneti, monga mmene anzake akumulangizira, kapena akagwire ntchito yongodzipereka ku bungwe limene silidzamulipira kalikonse. Kumapeto anawonjezera kuti akuchita manyazi kuti anthu adziwe zoti ndi lova, ndipo mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba zambiri chonchi.

Achemwali, manyazi amenewo ndimawadziwa, chifukwa inenso ndinakhala nawo miyezi 14. Ndalama za pulojekiti imene ndinkagwirako ntchito zitatha, anatiitanira m'chipinda chochitira misonkhano n'kutipatsa makalata m'maenvulopu, ndipo pofika masana ndinali nditabweza makiyi ndi laputopu. Miyezi inayi yoyamba ndinaithera pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti limene anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo. Ndinasintha chithunzi kangapo, pansi pa dzina langa ndinalemba kuti ndine mlangizi woima pandekha ngakhale kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinkamulangiza, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaikapo kankhani ka utsogoleri kamene ndinkachita kutola m'zolemba za ena. Usiku tulo tikandithera ndinkatenga foni kuti ndione ngati pali amene waikapo ndemanga. Ndikapeza kuti anthu angapo akonda zimene ndalemba, mtima unkakhala pansi pang'ono, ndipo ndinkadziuza kuti tsiku limenelo ndagwira ntchito.

M'mwezi wachisanu anandiitana ku intavyu. Pa tebulo panali anthu atatu, ndipo bambo wachikulire amene anali pakati anavula magalasi, anakankhira CV yanga pambali, n'kufunsa kuti, "Apa pakuoneka kuti ntchito munasiya mu Malichi. Nanga chiyambire nthawi imeneyo mwakhala mukuchita chiyani?" Ndinayankha kuti ndakhala ndikuchita za ulangizi. Iwo anagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti, "Chabwino. Mwalangiza ndani, kuti timuimbire foni?" Kukamwa kunandiuma. Bambowo sanali kufuna kundichititsa manyazi, anali kungofuna dzina limodzi la munthu amene anandiona ndikugwira ntchito m'miyezi imeneyo, ndipo dzinalo ndinalibe.

Maganizo oti munthu aliyense azidzitsatsa ngati malonda anafala kwambiri mu 1997, pamene wolemba za bizinesi Tom Peters analemba za nkhaniyi m'magazini ya Fast Company ku America. LinkedIn inayamba mu 2003, ndipo mu 2016 kampani ya Microsoft inaigula pa ndalama zoposa madola 26 biliyoni. Chimene chinali ndi mtengo wonsewo ndi mbiri za anthu ofuna ntchito ndi ogwira ntchito zimene zili pamenepo, chifukwa makampani amalipira kuti azifufuzamo anthu oti awalembe ntchito. Sindikunena kuti tsambali ndi loipa, ndipo inenso ndikadali pomwepo. Koma eni ake amapindula mukamakhalapo nthawi yaitali, kaya mupeze ntchito kaya musaipeze, ndipo ambiri mwa amene amalalikira za kudzitsatsa amakhala akugulitsa maphunziro a kudzitsatsa komweko. Pamenepa ndilankhula mosapsatira: kuuza munthu amene alibe ntchito kuti ayambe ndi kukongoletsa dzina lake ndi malangizo oipa, chifukwa kumamuika pa ntchito yopukuta kunja pamene m'kati mukutha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo olemba anthu ntchito odziwa ntchito yawo amaung'amba mkuyuwo ndi funso limodzi lokha, monga anachitira bambo aja.

Pali chinthu china chimene ulova umawononga chimene sichioneka pa CV. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Marie Jahoda ndi anzake anachita kafukufuku m'mudzi wa Marienthal ku Austria, kumene fakitale ya nsalu inatsekedwa ndipo pafupifupi mudzi wonse unatsala wopanda ntchito. Zimene anapeza, zomwe zinasindikizidwa mu 1933, n'zakuti amuna ambiri anasiya kulabadira nthawi, ankayenda pang'onopang'ono mumsewu n'kumaimaima popanda chifukwa, ndipo ngakhale kubwereka mabuku ku laibulale kunachepa pamene nthawi yowerengera inali itachuluka. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha, chifukwa pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi Lachiwiri ndi Loweruka zinkangofanana, ndipo kalata imodzi yofunsira ntchito inkanditengera masiku atatu. Foni sichiritsa vuto limeneli, imangolikulitsa, chifukwa pa intaneti palibe amene amakudikira kuti ufike 8 koloko.

Chimene chinandidzutsa ndi kabungwe kena kophunzitsa anthu akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Ndinapita kukadzipereka Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Tsiku loyamba anandilozera makatoni atatu a mabuku olembamo mayina a ophunzira, ena atanyowa m'mphepete, ena inki itafufutika, ndipo anandiuza kuti opereka thandizo akufuna kudziwa chiwerengero chenicheni cha anthu amene amaliza maphunziro, koma palibe amene ali ndi nthawi yowerenga zonsezo. Ndinakhala milungu ingapo ndikulowetsa mayinawo mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Excel, ndipo ndinapeza kuti anthu ambiri analembedwa kawiri chifukwa chosiyana kalembedwe ka mayina awo. Titakonza, chiwerengero chinatsika, koma kwa nthawi yoyamba chinali choona, ndipo lipoti limene tinalemba linalandiridwa popanda mafunso. Ntchito imeneyi inalibe ulemerero uliwonse, koma inandibwezera chifukwa chosambira m'mawa, ndiponso inandipatsa chinthu chimene ndikanatha kuchiloza n'kunena kuti ichi ndachita ndine.

Ntchito imene ndili nayo lero inabwera kudzera mwa mayi wina wa mu komiti ya kabungweko, amene ndinali nditalankhula naye mwina kawiri kokha. Anamva kuti kwina akufuna munthu wosunga ndi kusanthula ziwerengero, anakumbukira makatoni aja, n'kutchula dzina langa. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anafotokoza zimenezi mu 1973, kuti uthenga wa ntchito umafika kawirikawiri kudzera mwa anthu amene timangodziwana nawo patali, chifukwa anzathu apamtima amadziwa zomwe ifenso tikudziwa kale. Ndipo mu 2013 bungwe la boma la America loona za ntchito zodzipereka, la Corporation for National and Community Service, linapeza kuti anthu osowa ntchito amene ankadzipereka anali ndi mwayi wopeza ntchito wokwera ndi 27 peresenti poyerekeza ndi amene sankatero. Chiwerengerochi ndi cha ku America, ndipo mwina mbali ina chimangosonyeza kuti anthu akhama ndi amene amadzipereka, koma chikugwirizana ndi zimene ndinaona ndi maso anga.

Kudzipereka kumene kuli kudyeredwa masuku pamutu

Apa ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa ndisanapeze ntchito ndinapsa kwinakwake. Bungwe lina lalikulu linandiitana kuti ndikathandize, likulonjeza kuti malo akapezeka ndidzakhala woyamba kuganiziridwa. Ndinkagwira masiku asanu pa sabata, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikulipira ndekha ndalama yoyendera, ndipo ntchito imene ndinkagwira inali ya munthu amene anachoka koma sanalowedwe m'malo. Patatha miyezi itatu malowo analengezedwa, ndipo analemba munthu wina. Nditapempha kalata yondichitira umboni, anandiuza kuti sangalembe popeza sindinali wantchito wawo. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo ndimakhulupirira kuti bungwe limene lili ndi ndalama zolipira mabwana ake koma likudalira malova kuti agwire ntchito ya tsiku ndi tsiku kwaulere likuchita chinyengo, ngakhale litakhala ndi zolinga zabwino bwanji. Miyezi itatu imeneyo sindinatumize kalata yofunsira ntchito ngakhale imodzi, chifukwa ndinkafika kunyumba nditatheratu.

Choncho yankho langa ndi lakuti yambani ndi kudzipereka, koma mukhale ndi malire. Masiku awiri pa sabata ndi okwanira, otsalawo akhale ofunsira ntchito. Sankhani ntchito yogwirizana ndi luso lanu, imene ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo musanayambe mugwirizane ndi amene azikuyang'anirani, makamaka polemba, za nthawi imene mudzakhalepo, za ndalama yoyendera, ndiponso ngati adzalole kukuchitirani umboni. Ngati ndalama yoyendera ili yovuta, bungwe la United Nations Volunteers, lomwe linakhazikitsidwa mu 1970, lili ndi ntchito zodzipereka zogwirira pa intaneti, monga kumasulira ndi kulemba malipoti.

Za dzina la pa intaneti, madzulo amodzi akukwanirani. Ikani chithunzi chooneka bwino, lembani luso lanu m'mawu osavuta, ndipo ntchito yodziperekayo muilembe pa malo ake pa LinkedIn ndi pa CV, mofotokoza zimene mwachita ndi zotsatira zake, osabisa kuti inali yongodzipereka. Mukamaliza chinthu chooneka, lembani ndime imodzi yofotokoza vuto limene munapeza ndi mmene munalithetsera, mutapempha kaye chilolezo cha bungwelo. Lembani dzina lanu pa Google kuti muone zimene olemba ntchito adzaone, ndipo mufufute pa Facebook chilichonse chimene munalemba mutakwiyira mabwana anu akale, paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Pa nkhani ya manyazi ija, musadzitche mlangizi ngati simukulangiza aliyense. Uzani anthu khumi amene munagwirapo nawo ntchito, aliyense payekha, kuti kontirakiti yanu inatha, ntchito imene mukufuna ndi yakutiyakuti, ndipo pakali pano mukuthandiza kwakutikwakuti. Ine uthenga woyamba wotere ndinaulemba manja akunjenjemera, ndipo amene ndinamutumizira anayankha tsiku lomwelo kuti sankadziwa n'komwe zoti ndili pakhomo, chifukwa poona zimene ndinkalemba pa LinkedIn ankaganiza kuti zinthu zikundiyendera bwino.