Funsani Akatswiri: Selo Lathu la Sola la Utoto Lang'aluka

Funso: Kusukulu tikupanga timaselo ta sola toyendera utoto, tija anatulukira Brian O'Regan ndi Michael Grätzel mu 1991. Timapaka phala la titanium dioxide pagalasi la FTO (galasi lokutidwa ndi kansalu kodutsitsa magetsi), kuliwotcha, kenaka n'kulinyika mu utoto wa chidede. Magetsi atachepa tinawonjezera phala kuti ligwire utoto wambiri, koma lang'aluka ndipo magetsi atsikiratu. Talakwitsa pati? Wophunzira sayansi, Zomba

Yankho: Mwaganiza bwino kuti utoto wambiri umagwira kuwala kwambiri, koma mwaiwala ulendo wa elekitironi. Kuwala kukaitulutsa mu utoto, imadumpha kuchoka pa kambulu ka titanium dioxide kupita pa kanzake mpaka ikafike pagalasi. Njira ikatalika, imakumana ndi triiodide, mtundu wa ayodini wa mu electrolyte (madzi odutsitsa magetsi a m'selo), n'kumezedwa isanafike. Phala likachindikala kupitirira ma micrometre 12 mpaka 15 (ma micrometre 1,000 amapanga milimita imodzi), zotayika zimaposa zopindula. Poyeza kuchindikala kwa phala, tepi imodzi yomata m'mbali mwa galasi imakwana, musasanjike ziwiri.

Chimene muyenera kusamala ndi timipata ta pakati pa timibulu. Timibulu ta anatase (mtundu wa titanium dioxide) ta pafupifupi ma nanometre 20 (ma nanometre 1,000 amapanga micrometre imodzi), tikapakidwa ma micrometre 10, timapereka malo okhalapo utoto oposa galasi losalala pafupifupi ka 1,000. Timipata tizitenga pakati pa 50 ndi 65 peresenti ya phalalo likauma. Tikachuluka, timibulu sitikhudzana mokwanira ndipo elekitironi imasowa podutsa. Tikachepa, electrolyte imalephera kulowa mkati, ndiye utoto wa pansi umangokhala osagwira ntchito. Chowongolera zimenezi ndi ethyl cellulose, ufa womanga phala umene mumasakaniza ndi terpineol, mafuta ousungunulira: akapsa, malo amene anakhala ndiwo amasanduka timabowo. Muziyeza pasikelo, osati ndi maso.

Ming'alu ija ndi ya changu. Phala lochindikala likatenthedwa mwadzidzidzi, pamwamba pamauma ndi kukhwinyata pansi pakadali ponyowa. Yambani kuumitsa pa madigiri Celsius 125 kwa mphindi 6. Kenaka m'ng'anjo: 325 mphindi 5, 375 mphindi 5, 450 mphindi 15, 500 mphindi 15. Kutentha kwa 450 mpaka 500 ndiko kumalumikiza timibulu m'makosi mwake, pomwe timakhudzana. Musapyole pamenepo, galasi wamba limayamba kufewa ndipo timabowo timatsekeka.

Ngati labu yanu ili ndi titanium tetrachloride, nyikani galasi lowotcha kale m'madzi ake a mphamvu ya 40 mM (ma millimole 40 pa lita) pa madigiri 70 kwa mphindi 30, tsukani, muwotchenso pa 500. Zimenezi zimalimbitsa makosi aja. Koma mankhwalawa amafuka utsi wa asidi akakhudza chinyezi, choncho asungunulidwe m'madzi a ayezi aphunzitsi ali pomwepo. Mukafuna kugwira kuwala kochuluka popanda kutalikitsa njira, pakani pamwamba ma micrometre 4 a timibulu tikulutikulu ta ma nanometre 400; timabwezera mkati kuwala kumene kukanadutsa.

Kanthu kena kamene ambiri amakadumpha: nyikani galasi mu utoto likadali lofunda, cha m'ma madigiri 80, chinyezi cha mumpweya chisanadzaze timabowo. Ndipo musayembekezere zambiri kwa chidede. Utoto wa zomera nthawi zambiri sufika ngakhale 1 peresenti, posandutsa kuwala kukhala magetsi, pomwe N719, utoto wa m'labu wopangidwa ndi chitsulo cha ruthenium, amafika cha m'ma 10 mpaka 11. Poyesa kusintha kwanu, yerekezani selo la chidede ndi linzake la chidede, mukusintha chinthu chimodzi chokha paulendo uliwonse.