Mnzathu wa pakampani wamwalira, achibale akufuna gawo lake: tipereke kwa ndani?

Bambo, pepani ndi zovutazi. Mwalemba kuti kampani yanu yojambula mapulani a nyumba ku Salima imakonzekera chikondwerero cha zaka 15, kuchokera pomwe munayamba awiri m'kachipinda ka lendi mpaka kujambula malo ogona alendo ku Senga Bay. Mnzanu amene munayamba naye wamwalira pangozi mumsewu wa M5 akupita kukayendera ntchito ku Nkhotakota, wasiya mkazi ndi ana, ndipo achimwene ake abwera kudzafuna gawo lake ndi galimoto.

Musawapatse kanthu achimwenewo, ngakhale atabwera ndi kalata ya amfumu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, kenako ena amene malemu ankawasamala. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mukapereka kwa munthu wolakwika, mayiwo akhoza kukusumirani n'kulipiranso kachiwiri.

Ndalama za malemu zili m'matumba osiyana, ndipo thumba lililonse lili ndi njira yake.

Yambani ndi penshoni. Lamulo limakakamiza olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo 5 peresenti, komanso kumudulira inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Ndalama za penshoni sizilowa m'chuma chogawidwa ndi achibale. Zimatsata fomu imene malemu analembapo anthu odzalandira. Udindo wanu ndi kudziwitsa kampani yosunga penshoni ndi kutumiza satifiketi ya imfa. Ngati munali ndi miyezi yosapereka zosonkhazo, ndipo makampani ang'onoang'ono ambiri amagwa pamenepa, lipirani msanga.

Popeza ngoziyi inachitika ali paulendo wa ntchito, pali chipukuta misozi pansi pa lamulo la 2000 la ovulala pantchito. Munthu akafa, osiyidwa amalandira malipiro ake a miyezi 42. Kanenani ku ofesi ya zantchito ya boma la Salima, mutanyamula lipoti la apolisi. Malipiro a mwezi womaliza ndi masiku a tchuthi amene sanapume muwawerengenso.

Povuta ndi pa umwini. Kalata yanu sikunena mmene munalembetsera kampaniyo, koma nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati ndi limited, pansi pa lamulo la makampani la 2013, kampani siifa ndi mwini wake. Masheya a malemu amayang'aniridwa ndi munthu amene khothi lamupatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye, kaya wotchulidwa mu wilo kaya wosankhidwa ndi khothi ngati wilo palibe. Galimoto ngati inalembetsedwa m'dzina la kampani ndi ya kampani basi, achibale alibe nayo gawo. Koma ngati munangogwirizana awiri ngati partnership, imfa ya mmodzi imathetsa mgwirizanowo pokhapokha munalemberana zina. Zikatero katundu ndi ngongole zimawerengedwa monga zinalili tsiku la imfa, gawo la malemu n'kupita kwa woyendetsa chuma chake. Itanani wowerengera ndalama wapadera, osati wa muofesi mwanu, kuti pasadzakhale zoti munabisa.

Chinanso: chilolezo chogwira ntchito ya architect (wojambula mapulani a nyumba) ndi cha munthu, sichisiyidwa ngati cholowa. Mayiwo akhoza kukhala ndi masheya, koma chidindo cha malemu chisagwirenso ntchito pa pulani iliyonse. Dziwitsani bungwe lolembetsa ma architect ndi ma quantity surveyor (owerengera mtengo wa zomangamanga), ndipo lemberani makasitomala onse amene ntchito zawo zinali m'manja mwake kuwauza amene azipitiriza.

Mayiwo auzeni apite kwa DC kapena kwa Administrator General (ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye) kukayamba za makalata opatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha malemu. Ngati alibe ndalama za loya, a Legal Aid Bureau alipo. Inu musakhale mlangizi wawo pa mtengo wa masheya, poti mwina ndinu amene mudzawagule.